Utoto woulula zochitika m'kati mwa maselo

Mwana akagonekedwa ndi malungo aakulu pa chipatala cha boma la Machinga ku Liwonde kapena cha ku Balaka, dontho la magazi ake limapakidwa pa kagalasi, kuumitsidwa, n'kuthiridwa utoto wa Giemsa, umene wakhala ukugwira ntchitoyi kuyambira mu 1904. Utotowu umaonetsa tizilombo ta malungo, ndipo katswiri wa mulabotale amatiwerenga pa maikulosikopu poyerekeza ndi maselo oyera 200. Chiwerengerocho chikamatsika tsiku ndi tsiku, dokotala amadziwa kuti mankhwala akugwira.

Akatswiri a kafukufuku amagwiritsa ntchito nzeru yomweyi pofuna kudziwa chinthu chovutirapo: kodi maselo a munthuyo akuchitapo chiyani pa matendawo?

Selo yoteteza thupi ikazindikira kachilombo, uthenga umayenda m'kati mwake. Puloteni yotchedwa NF-kB, imene nthawi zambiri imakhala kunja kwa phata la selo, imalowa m'phatamo n'kuyambitsa kupangidwa kwa zinthu zolimbana ndi matenda, zomwenso zimatenthetsa thupi. Uthengawu ukachepa, kachilombo kamapeza mpata. Ukapyola muyeso, thupi limadzivulaza lokha.

Kuti ayeze zimenezi, akatswiri amathira maselo utoto wa mitundu iwiri wowala ukaunikidwa. Wina, wotchedwa DAPI, umapatsa phata maonekedwe abuluu. Winawo umamatira pa puloteni ija yokha. Akajambula zithunzi, kompyuta imalemba malire a selo iliyonse n'kuyerekeza kuwala kwa m'phata ndi kwa kunja kwake. Kuwala kukachuluka m'phata, ndiye kuti selo yamva uthenga. Diso la munthu limatopa, koma kompyuta imayeza maselo zikwizikwi mofanana, n'kuonetsa kuti ndi angati ayankha komanso ayankha mwamphamvu bwanji.

Nkhaniyi ikukhudza Machinga ndi Balaka, amene anali m'gulu la maboma 11 amene anayamba kulandira katemera wa malungo wa RTS,S mu 2019. Katemerayu amateteza pang'ono chabe, ndipo kupeza wamphamvu kuposa ameneyu kukudalira kumvetsa mmene maselo oteteza thupi amayankhira.

Komabe kompyuta imayeza zimene yaonetsedwa. Utoto ukathiridwa mosayenera, zotsatira zake zimasokeretsa. N'chifukwa chake maselo ena amasiyidwa osawaputa ndi kachilombo kuti akhale poyerekezera, ndipo luso la wokonza kagalasi likadali maziko a ntchito yonseyi.