Nyale ya Nkhungu Ikafa, Tisacedwe Kuisintha

Ife okhala m'Kabwe tidziwa bwino m'mene miyezi ya June ndi July icitira. M'mamawa nkhungu imagwa m'madambo, ndipo anthu akayamba kutentha chire, utsi wa lupsa umasanganikirana ndi fumbi. Woyendetsa galimoto pa mseu wa Great North Road, kaya alinga ku Kapiri Mposhi kaya ku Lusaka, nthawi zina amangoona pafupi pokha. Komanso mseu umenewu sugona, pakuti magalimoto akulu-akulu a katundu amapita pakati pa tauni yathu usana ndi usiku.

Ndico cifukwa cake tifuna kukamba za tinyale tiwiri tija tokhala m'munsi mwa bampa. Ambiri amatiyesa tokometsera cabe, koma si tero ai. Nyale zazikulu zikawala m'nkhungu, kuwala kumagunda timadontho ta madzi ndi kubwerera m'maso mwa woyendetsa. Nyale ya nkhungu anaiika pansi dala, kuti kuwala kwake kuyale pa mseu ndi kuonetsa m'mphepete, m'mene mumayenda ana a sukulu ndi apanjinga.

Zikazima zonse ziwiri pamodzi, tiyambe taona fyuzi. Ikazima imodzi, kawiri-kawiri lapsa ndi babu, ndipo nchito yake bambo kapena mai aliyense angaithe pakhomo. Tizime injini ndi kudikira kuti nyale izizire. Pa magalimoto ambiri ocokera ku Japan, tikakhotetsa mawilo ndi kumasula pulasitiki ya pamwamba pa tayala, dzanja limafika kumbuyo kwa nyale. Ticotse pulagi ya waya, tipotoze babu pang'ono ca kumanzere, ndipo lidzaturuka.

Babu lakufalo tipite nalo ku sitolo, cifukwa mababu amasiyana ngakhale aoneke ofanana. Nambala imalembedwa patsinde pake: H11 ndi ya mawati 55, H8 ndi ya 35. Wogulitsa akatinyengerera kuti titenge lamphamvu koposa, tikane, pakuti kutentha kwake kungasungunule pulasitiki ya nyale ndi kupsereza mawaya.

Pali kanthu kena kamene ife tinakaphunzira titataya ndalama. Galasi la babu latsopano tisaligwire ndi zala. Mafuta a m'manja amatsala pagalasi, pamenepo pamatentha kopambana, ndipo babu silikhalitsa. Lathu, limene tinalisisita ndi manja pofuna kuliyang'anitsitsa, silinathe ndi mwezi womwe. Tigwire patsinde, kapena ndi kansalu koyera.

Tikamanga, tiimike galimoto madzulo moyang'ana cipupa ndi kuyatsa. Kuwala kwa nyale ziwirizo kulingane, ndipo kukhale m'munsi mwa kwa nyale zazikulu. Kukaloza kumwamba, pali kabauti kokonzera kumbuyo kwa nyale. Nkhungu ikayera tizizime, cifukwa pa mseu woyera zimathobwa m'maso mnzathu wobwera kutsogolo.