Opita Kukaceza ku Luambe ndi Lukusuzi Acenjere ndi Kashembe

Cilimwe cikafika, anthu atakolola ndipo misewu itauma, mabanja ambiri a m'makomboni a ku Chipata monga Kapata, Mchini ndi Navutika, ngakhalenso ocokera ku Lusaka, amakwera basi kupita kwao ku Lundazi. Ena amapitirira mpaka kwa Magodi, dera limene linali m'boma la Lundazi kufikira mu 2018 pamene Chasefu inapatulidwa kukhala boma palokha. Masiku ano anyamata apanchito, magulu a kuchalichi ndi ana a sukulu sakhutira ndi kungokhala pamudzi. Amabwereka galimoto, natenga matenti ndi mbedza, natsikira ku Malambo kukagona kuthengo, kukaona nyama ndi kukawedza nsomba.

Malo osungirako nyama amene anthu a mbali iyi amafikako ndi awiri, Lukusuzi ndi Luambe, ndipo onse anasanduka ma National Park mu 1972. Lukusuzi ndi wamkulu, woposa masikweya kilomita 2,700, wamapiri ndi nkhalango. Luambe ndi wamng'ono, ali m'mbali mwa mtsinje wa Luangwa, ndipo mvuu zake n'zosawerengeka. Kuyambira mu 2016 malowa ali m'manja mwa Department of National Parks and Wildlife, imene inalowa m'malo mwa ZAWA. Munthu salowamo, samangamo tenti, ndiponso saponyamo mbedza popanda cilolezo cao. Kuonjezera apo, boma limaletsa kugwira nsomba kuyambira pa 1 December mpaka kumapeto kwa February caka ciri conse kuti nsomba ziswane.

Ulendo wotere ndi wabwino. Mwana wobadwira m'komboni, amene njobvu amangoiona pa TV, amaphunzirako zambiri. Koma alendo ambiri amaopa mkango ndi ng'ona, naiwala kanthu kakang'ono kamene kamaluma masana dzuwa likuswa mtengo. Kanthuko ndi kashembe, nchenche imene ambiri amangoicha tsetse.

Kashembe amakula kuposa nchenche ya panyumba pang'ono, ndi wotuwa, ndipo akatera amapinda mapiko ake limodzi pamwamba pa linzake monga sizasi. Akaluma zimawawa ngati singano yamoto. Cakudya cake ndi magazi, makamaka a njiri ndi mbawala. M'magazi a nyama zimenezi mumakhala tizirombo totchedwa Trypanosoma. Nyamazo sizidwala nato, koma kashembe akayamwa tizirombo timeneti nadzaluma munthu, munthuyo amadwala kaodzera.

Cigwa ca Luangwa ndi nthenda iyi n'zodziwana kalekale. Mu 1910 akatswiri awiri a ku Liverpool, Stephens ndi Fantham, anapeza mtundu watsopano wa tizirombo m'magazi a mzungu wina amene analumidwa m'cigwa comweci. Anaupatsa dzina lakuti rhodesiense, kutengera dzina la dziko lino pa nthawi imeneyo. Ndiwo mtundu umene ulipo kuno mpaka lero, m'maboma monga Chama ndi Mambwe, ndiponso kutsidya kwa malire ku Rumphi m'dziko la Malawi, pafupi ndi nkhalango ya Vwaza. Kaodzera wa ku Congo amadya munthu pang'onopang'ono kwa zaka. Wathu wa kuno ndi waliwiro. Wodwala akapanda kulandira mankhwala amafa m'milungu kapena m'miyezi yowerengeka.

Si kashembe aliyense amene ali ndi tizirombo. Amene ali nato ndi ocepa kwambiri, cifukwa cake munthu wolumidwa asataye mtima. Cofunika ndico kudziyang'anira. Pakapita masiku 5 mpaka 15, ena amaturuka cotupa cofiira, colimba ndi cowawa pamalo olumidwapo. Pakhungu lakuda cotupaci sicioneka bwino, ndipo ambiri amaciyesa cithupsa. Pambuyo pake thupi limatentha kwambiri, mutu umawawa, mfundo za mafupa zimaphwanya, ndipo mwanabere amatupa. Tizirombo tikafika ku ubongo munthu amasintha. Amagona masana, usiku nakhala maso. Amalankhula zosalongosoka, amakwiya msanga, amanjenjemera, ndipo potsiriza amakomoka. Apa abale ena amayamba kuganiza za ufiti kapena misala, nathamangira kwa sing'anga, masiku napita pacabe.

Bvuto lalikulu liri pakuti zizindikiro zoyambazo n'zofanana ndi za malungo. Munthu wabwerera ku Chipata kapena ku Lusaka, thupi latentha, wapita ku kiliniki ya m'komboni. Kumeneko amubaya cala napima magazi ndi kacipangizo kaja kopereka yankho m'mphindi zocepa. Kacipangizo kameneka kamaona malungo okha. Kaodzera sikamuona ai. Kakasonyeza kuti malungo mulibe, wodwala amapatsidwa Panadol nabwerera kunyumba. Kakasonyeza kuti alimo, ndipo zimatheka kuti munthu akhale ndi nthenda zonse ziwiri, amamwa Coartem masiku atatu koma thupi osazizira. Wanchito ya zaumoyo wa m'tauni, amene mwina sanaonepo kaodzera cimalizireni maphunziro, sangalote kuti wodwala wake anagona m'mbali mwa Luangwa milungu iwiri yapitayo.

Cifukwa cake mau oyamba a wodwala akhale akuti: "Ndinali ku Malambo, ndipo kashembe anandiluma." Mau amenewa asadikire kufunsidwa. Ngati wodwalayo wafooka, womperekeza ndiye anene. Pamenepo magazi amapita ku labotale kukaonedwa pa maikulosikopu, pamene tizirombo timaoneka tikusambira pakati pa magazi ngati tinsomba. Ngati kiliniki ilibe makinawo, apemphe kalata yopita ku cipatala cacikulu monga ca Lundazi kapena Chipata Central. Kupima kamodzi kukapanda kusonyeza kanthu koma thupi likupitirira kutentha, apimenso.

Mankhwala alipo, ndipo amaperekedwa ulele kudzera m'bungwe la WHO. Kwa zaka zambiri wodwala wofika msanga anali kubayidwa suramin, ndipo amene tizirombo tafika kale ku ubongo anali kubayidwa melarsoprol. Mankhwala aciwiriwa ndi aukali zedi, pakuti muli poizoni wa arsenic, ndipo pafupifupi wodwala mmodzi mwa 20 anali kufa ndi mankhwalawo. Zinthu zasintha. Mapiritsi ochedwa fexinidazole anayesedwa pa odwala ku Rumphi ndi ku Uganda napezeka kuti amaciritsa, ndipo mu 2024 a WHO ananena kuti akhale mankhwala oyamba kwa odwala a zaka 6 kapena kuposerapo amene amalemera makilogalamu osacepera 20. Amamwedwa kamodzi pa tsiku kwa masiku 10, munthu atadya cakudya cokwanira, pamaso pa anchito a zaumoyo. Sagulitsidwa pa kantemba. Katemera wa kaodzera kulibe, ndipo mapiritsi omwera kutetezera munthu asanalumidwe kulibenso.

Citetezo tsono ciri m'zobvala. Kashembe amakopeka ndi mtundu wa buluu ndi wakuda; n'cifukwa cake misampha yake imene imapacikidwa m'mitengo ndi ya nsaru za mitundu yomweyo. Wobvala jinzi yabuluu ndi sikipa yakuda wadzisandutsa msampha woyenda. Zofunika ndi malaya a manja aatali ndi buluku lalitali, za mtundu wa khaki kapena wotuwa, ndiponso zocindikala, pakuti kashembe amabaya ngakhale pa nsaru yopyapyala. Amatsatanso galimoto yoyenda. Amene akhala kumbuyo kwa Canter kapena vaneti ndiwo amalumidwa kwambiri, ndipo kawirikawiri kumeneko ndiko kumaikidwa ana. Podutsa m'nkhalango mazenera atsekedwe. Mai wobereka mwana kumbuyo sangaone cimene catera pamutu pa khandalo, motero limbvekedwe cisoti ndi kufundidwa.

Dzuwa likalowa kashembe amapumula, udzudzu nuyamba nchito. Kucigwa malungo samatha, ndipo munthu amene wakhala zaka zambiri ku Lusaka thupi lake silizolowera monga la mbale wake wa kumudzi. Aliyense agone m'neti, ngakhale m'kati mwa tenti. Neti yomweyo isasanduke ukonde wogwirira nsomba m'mawa mwake, cifukwa iri ndi mankhwala ndipo imakokolola ndi tiana ta nsomba tomwe. Amai apakati ndi makanda bwenzi atatsala kumudzi.

Za madzi n'zodziwika. Akumwa awiritsidwe kapena athiridwe Clorin, ndipo m'cikwama musasowe mapaketi a madzi a moyo. M'madambo ndi m'maiwe a madzi osayenda muli nkhono zofalitsa likodzo. Wowedza amene waima m'madzimo mpaka m'maondo tsiku lonse angadzaone magazi m'mkodzo patapita miyezi iwiri kapena itatu, ndipo afunika mapiritsi a praziquantel. Pa Luangwa peni peni sasamba, sacapa, ndipo saima m'mphepete madzulo. Ng'ona za mumtsinje uja sizisankha mlendo.

Pali cinanso cimene cimakopa anthu a m'tauni, amene nyama amaigula modula pa butchala. M'cilimwe mvuu zimafa zokha, ndipo pamapezeka wina wogulitsa nyama yake yowamba pa mtengo wotsika. Mu 2011 m'boma la Chama anthu oposa 500 anadwala anthrax atasenda kapena kudya mvuu zofa zokha, ndipo ena anamwalira. Nthendayi imayamba ndi cironda ca pakati pakuda pa dzanja kapena pankhope, kapena kupweteka m'mimba ndi kusanza kwa amene wadya. Kuwamba kapena kuyanika sikupha tizirombo take, ndipo nyama yotere ikalowa m'cikwama imakafika mpaka pa mbale za ana m'komboni.

M'miyezi ya June ndi July kuthengo kumazizira usiku, ndipo ena amalowetsa mbaula m'tenti natseka zipi. Makala oyaka amaturutsa mpweya wosanunkha, wosaoneka, umene umagonetsa munthu tulo tosadzuka nato. Mbaula itsale panja. Wina akadzuka ndi mutu waukulu, cizungulire ndi mseru atagona pafupi ndi makala, aturutsidwe kumphepo nthawi yomweyo, ndi onse amene anagona naye, ndipo atengeredwe ku cipatala ngakhale aoneke ngati atsitsimuka.