Ayironi ya m'magazi ndi tsogolo la mankhwala a malungo

Kuyambira ku Chilumba mpaka ku Kaporo, m'mphepete mwa nyanja ndi m'masikimu a mpunga a Hara, Wovwe ndi Lufilya, udzudzu susowa poswanirana. Mwana akatentha thupi amamubaya chala, ndipo akapezeka ndi malungo amalandira LA woti amwe m'mawa ndi madzulo kwa masiku atatu. Zimenezi ku Karonga aliyense amazidziwa. Koma ndi ochepa amene anamvapo kuti mbali yaukali ya LA, yotchedwa artemether, imadikira kukumana ndi ayironi kuti iyambe ntchito, ndipo ayironiyo imachokera m'magazi a wodwala yemweyo.

Kachirombo ka malungo kakalowa m'selo yofiira ya magazi kamadya himogulobini, chinthu chimene chimanyamula mpweya wabwino m'thupi. Pakudyapo pamatsala kachidutswa kokhala ndi ayironi pakati, kamene ndi poizoni kwa kachiromboko. Kuti kadziteteze, kamaumba zotsalazo kukhala timibulu touma tosavulaza. Apa ndi pamene akatswiri a kemisitire akhala akuloza mivi yawo yambiri. Chloroquine ankalepheretsa kuumbako, kachirombo n'kufa ndi zinyalala zake zomwe. Artemether amachita mwina: ali ndi kamfundo ka maatomu awiri a okosijeni kamene ayironi imadula, ndipo kakaduka pamatuluka tinthu tolusa tong'amba kachiromboko m'kati. Tinene kuti chakudya chake chimasanduka nyambo, mbedza ili momwemo. Mankhwala a mtunduwu anachokera ku chitsamba cha Artemisia annua, ndipo Tu Youyou wa ku China, amene gulu lake linawapeza mu 1972, analandira mphotho ya Nobel mu 2015.

Dziko lathu limadziwa kuwawa kwa mankhwala akatha mphamvu. Tizirombo tosamva chloroquine tinaoneka ku Kenya ndi ku Tanzania cha mu 1978, ndipo pasanathe zaka zambiri tinafika kuno. Mu 1993 Malawi anakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kutenga SP, amene ambiri timamutcha Fansidar. Nayenso anafooka, ndipo mu 2007 panabwera LA. Kafukufuku wa ku Blantyre amene anasindikizidwa mu 2006 anaonetsa kuti chloroquine, atapumitsidwa zaka 12, anayambanso kuchiza ana 99 mwa 100 alionse, koma sanabwezeretsedwe chifukwa m'mayiko oyandikana nafe tizirombo tosamumva tinali tikadalipo.

Nthawi yomwe ife tinkasiya chloroquine, ku yunivesite ya Lille ku France, Jacques Brocard ndi Christophe Biot anaganiza zomuveka chitsulo. Mu 1994 analumikiza chloroquine ndi ferrocene, chinthu chokhala ndi atomu imodzi ya ayironi yopanikizika pakati pa mphete ziwiri za kaboni, ndipo panabadwa ferroquine. Kachirombo kosamva chloroquine kali ndi kakhomo kotulutsira mankhwalawo kunja, koma ferroquine kamalephera kumutulutsa. Kampani ya Sanofi inamuyesa pa odwala m'mayiko angapo a mu Africa, ndipo ataphatikizidwa ndi artesunate, mankhwala a mtundu wa artemether, kwa masiku atatu anachiza bwino. Kenaka anayesa kumuphatikiza ndi mankhwala ena otchedwa artefenomel kuti wodwala azimwa kamodzi kokha, koma zotsatira sizinafike pamlingo wofunika. Mpaka lero ferroquine sanafike pa shelefu ya chipatala chilichonse. Zaka zoposa 30 zapita, ndipo ine zimenezi zimandidetsa nkhawa, chifukwa zikusonyeza kutalika kwa ulendo wochokera mu labotale kukafika m'manja mwa namwino wa ku Nyungwe kapena ku Iponga.

Ayironi yomweyi ili ndi mbali ina. Mayi woyembekezera akapita ku sikelo amalandira mapiritsi owonjezera magazi, ndipo ndi ofunika kwambiri. Koma kafukufuku wa pa chilumba cha Pemba ku Zanzibar, wa mu 2006, anapeza kuti ana aang'ono opatsidwa ayironi tsiku ndi tsiku m'dera la malungo ambiri ankagonekedwa m'chipatala kuposa anzawo. N'chifukwa chake bungwe la WHO limalangiza kuti kumadera otere ayironi iziperekedwa limodzi ndi njira zopewera ndi kuchiza malungo. Mapiritsi aja, Fansidar wopewera malungo wa ku sikelo ndi neti zimayendera pamodzi.

Tsopano tizirombo tochedwa kufa ndi mankhwala a mtundu wa artemether tapezeka ku Rwanda, Uganda, Eritrea ndi m'chigawo cha Kagera ku Tanzania. Kagera ndi kutali ndi chipata cha m'malire cha Songwe, koma pachipata chimenechi anthu amawoloka tsiku lililonse, ndipo tizirombo timayenda m'magazi mwawo. LA akugwirabe ntchito, makamaka wodwala akamaliza masiku onse atatu ndi kumwera pa chakudya cha mafuta pang'ono kapena mkaka, zimene zimathandiza lumefantrine, mbali ina ya LA, kulowa bwino m'thupi. Kusiyira panjira thupi likangozizira kumapatsa mpata tizirombo tolimba. Ku Chilumba kuli malo ofufuza za umoyo amene anayamba mu 1979 ndi ntchito ya khate, ndipo lero ali pansi pa bungwe la MEIRU. Anthu a ku Karonga anazolowera kale kugwira ntchito ndi ofufuza. Ine ndikuona kuti boma lino la Karonga ndi loyenera kukhala patsogolo poyeza, chaka ndi chaka, ngati LA akuchotsabe tizirombo m'magazi pa liwiro lake lakale.