Wosewera Akapita Kwaulere, Apindula Ndani?

Nyengo yogula osewera mpira ikafika, pa msika wa Kapata ndi m'mabasi a ku Katete nkhani imakhala imodzi: kodi uje apita ku timu iti? Mkangano umakula makamaka ngati pangano la wosewerayo latha, cifukwa timu iliyonse ingamutenge popanda kulipira timu yake yakale. Ufulu umenewu unakhazikika ku Ulaya mu 1995, pamene Jean-Marc Bosman wa ku Belgium anapambana mlandu wake.

Mwana wathu wa kuno ku Chipata, Fashion Sakala, anadzera njira yomweyi. Atacoka ku Zanaco mu 2017 anapita ku Russia, kenaka ku Oostende ya ku Belgium. Pangano litatha mu 2021, Rangers ya ku Scotland inamutenga osagula. Mu 2023 Rangers inamugulitsa ku Al-Fayha ya ku Saudi Arabia.

Koma pokangana timaiwala mfundo yaikulu. Malamulo a FIFA amati wosewera akagulitsidwa kunja, magawo 5 pa 100 a ndalamazo agawidwe kwa matimu amene anamulera kuyambira zaka 12 kufikira 23. Akapita kwaulere, gawo limeneli palibe. Ndiponso timu imene sinalembetse mwana ku FAZ siwerengedwa konse, ngakhale inamugulira nsapato zake zoyamba.

Tsono inu makolo ndi atsogoleri a matimu a ku Chipata, Lundazi ndi Petauke, lembetsani anawa akali ang'ono. Tisamangolima ife kuti akolole ena.