TSANKHO NDI MDANI WA WANCHITO ALIYENSE

Wolemba Mtolankhani Wathu, Petauke

M'dziko la Mfumu Yaikulu Kalindawalo, kuyambira ku Petauke kufikira ku Nyimba, ndi mabanja owerengeka amene alibe kholo limene linapita kutali kukagwira nchito m'masiku a atsamunda. Ena anayenda pansi, naoloka Zambezi kunka ku mapulazi ndi migodi ya ku Southern Rhodesia. Ena analowera ku Migodi. Onsewo anali kufuna ndalama ya msonkho. Pobwerako anasimba za malipiro ocepa, za kugula nyama pa windo pamene Mzungu alowera pakhomo, ndi za nchito zimene munthu wakuda sanali kuloledwa kugwira ngakhale anali kuzidziwa bwino.

Ambiri a ife kuno timangodziwa Ayuda a m'Baibulo. Koma pa nkhondo yolimbana ndi tsankho m'dziko lino panali Ayuda, ndipo mbiri yao iri ndi phunziro kwa mlimi ndi wanchito aliyense.

Ku Ulaya, mu ufumu wa Russia, Ayuda anali kukhala m'zigawo zimene boma linawaikira, ndipo nchito zambiri zinali zoletsedwa kwa iwo. Umphawi ukakula, osauka anali kuuzidwa kuti wolakwa ndi Myuda. Motero mu 1903, m'tauni ya Kishinev, anthu acipolowe anapha Ayuda 49. Pamenepo n'kuti anchito Aciyuda atayamba kale kudziteteza: mu 1897, mu mzinda wa Vilna ku Lithuania, anapanga bungwe lao lochedwa Bund, limene linaphunzitsa kuti mdani wa wanchito si mnzake wa mtundu wina, koma iye amene adyera masuku pamutu onse awiri. Anzao a ku Germany anacha cidani ca pa Ayuda sosholizimu wa zitsiru, cifukwa cimapatsa wosauka munthu wolakwika woti akwiyire. Mapeto a cidanico anali oopsya: pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945 boma la Hitler ndi olithandiza anapha Ayuda 6 miliyoni.

Mu 1938, nkhondoyo isanabuke, mnyamata wa zaka 13 wocokera ku Lithuania anafika ku Migodi kudzakhala ndi makolo ake. Ameneyu ndiye a Simon Zukas. South Africa inali itatsekera khomo Ayuda a kwaoko ndi malamulo a 1930 ndi 1937. Ayuda amene anatsala ku Lithuania, oposa 90 mwa 100 alionse anaphedwa.

Ku Migodi a Zukas anapeza tsankho la nkhope ina. Bungwe la anchito acizungu a m'migodi, lopangidwa mu 1936, linali kuteteza nchito zabwino kuti zikhale za Azungu okha. Anchito akuda atanyanyala nchito mu 1935, anthu 6 anaomberedwa ku Luanshya, ndipo mu 1940 ena 17 anafa ku Nkana. Bungwe lao lalikulu linabadwa mu 1949 motsogozedwa ndi a Lawrence Katilungu.

Atamaliza maphunziro a uinjiniya ku Cape Town, a Zukas anagwirizana ndi anyamata a ku Ndola m'kabungwe kokana Citaganya, m'mene munali a Justin Chimba ndi a Reuben Kamanga, mwana wa kuno Kum'mawa amene anadzakhala waciwiri kwa pulezidenti mu 1964. Mu 1952 atsamunda anamanga a Zukas, nawasunga miyezi 8 m'ndende ku Livingstone, kenaka nawathamangitsira ku England. Anabwerera dziko litalandira ufulu. Ndipo mu 1996, ali nduna ya boma, anatula pansi udindo pokana lamulo loletsa munthu kuima pa cisankho ca pulezidenti ngati makolo ake sanabadwire m'Zambia, lamulo limene linatsekereza a Kenneth Kaunda. Anamwalira mu 2021 ali ndi zaka 96.

Lusaka inasunganso mai Ray Alexander, Myuda wobadwira ku Latvia, amene mu 1941 anayambitsa ku Cape bungwe la anchito a m'mafakitale a zakudya lolandira mitundu yonse. Boma la tsankho litawavutitsa, iwo ndi amuna ao a Jack Simons anacoka mu 1965, nakhala zaka zambiri ku Lusaka kufikira mu 1990.

Tisaganize kuti aliyense wocokera m'mtundu wozunzidwa amadana ndi tsankho. A Roy Welensky, amene atate ao anali Myuda wa kufupi ndi Vilna, anali woyendetsa sitima ndiponso mtsogoleri wa anchito acizungu a pa njanji ku Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe. Mu 1941 anapanga cipani ca Labour cotchinjiriza anchito acizungu kwa anzao akuda, ndipo kuyambira 1956 mpaka 1963 anali nduna yaikulu ya Citaganya comwe cija a Zukas anamangidwira. Mizu ya anthu awiriwa inali kumodzi, ndipo onse anali kulankhula m'dzina la anchito. Cimene cinawasiyanitsa si mtundu wao. Ndi yankho lao pa funso lakuti mnzanga wa pa nchito ndani.

Funsoli likali pakati pathu. Cigawo cathu ciri m'malire ndi Malawi ndi Mozambique, ndipo m'zaka za nkhondo ya ku Mozambique othawa kwao zikwizikwi anakhazikidwa ku Ukwimi m'boma la Petauke. Mtengo wa nshawa kapena thonje ukatsika, feteleza akacedwa, n'kwapafupi kuloza cala wobwera, kapena wa cipembedzo cina, kapena wa cilankhulo cina. Kuloza kotero sikunakwezepo mtengo wa thumba ndi limodzi lomwe.

Cimene cinakweza malipiro ku Migodi n'cina. Mu October 1952 Abemba, Ansenga, Alozi, Anyakyusa ndi ena anaika zida pansi pamodzi kwa milungu 3, ndipo kumayambiriro kwa 1953 malipiro anakwera. Alimi a m'makoparetivi athu ndi anchito a m'matauni athu akumbukire cimeneco tsiku limene wina adzawauza kuti mavuto ao abwera ndi mlendo.