Kuyeza Mankhwala ndi Kuwala: Ubwino ndi Malire a Njira ya Raman

Mu 1928, ku Calcutta m'dziko la India, C.V. Raman ndi K.S. Krishnan anapeza kuti kuwala kukadutsa m'zinthu zamadzimadzi, kagawo kochepa kwambiri kamamwazika katasintha mtundu. Raman analandira mphoto ya Nobel mu 1930, ndipo njira yoyezera zinthu yomwe inachokera pa kafukufukuyu imatchedwa Raman spectroscopy.

Kuwala kwa leza kukagunda molekyu, molekyuyo imatengako mphamvu pang'ono n'kuyamba kunjenjemera. Mankhwala aliwonse amanjenjemera mwanjira yawoyawo, motero kuwala kobwerera kumakhala ndi chizindikiro chawo, ngati chidindo cha chala. Makina amayerekeza chizindikirochi ndi cha mankhwala enieni. Masiku ano pali timakina togwira m'manja toyeza mapiritsi ali m'paketi yoonekera mkati.

Koma molekyu sikhala payokha. M'mankhwala akumwa amadzimadzi imazunguliridwa ndi zosungunulira monga madzi, glycerin kapena propylene glycol. Zosungunulirazi zimakokana ndi molekyu ya mankhwala, ndipo chizindikiro chake chimasuntha pang'ono. Madzi sasokoneza kwambiri chifukwa chizindikiro chawo n'chofooka, koma cha glycerin ndi propylene glycol n'champhamvu moti chingathe kuphimba chinthu chomwe chilimo pang'ono.

Nkhaniyi ikukhudza miyoyo. Mu 2022, ku Gambia kunamwalira ana oposa 60 impso zawo zitasiya kugwira ntchito. Bungwe la WHO linachenjeza za mitundu inayi ya mankhwala a chifuwa ndi chimfine momwe munapezeka diethylene glycol ndi ethylene glycol. Poizoni ameneyu amafanana kwambiri ndi zosungunulira zovomerezeka, ndipo mlingo wololedwa m'zosungunulirazo ndi 0.1 peresenti basi. Kamakina kogwira m'manja kangazindikire mgolo wadzaza poizoni, koma mlingo wochepa chonchi umatsimikizidwa ku labotale ndi njira ya gas chromatography.

Choncho Raman ndi sefa yoyamba chabe. Maso a ogwira ntchito zachipatala ndi anthu odzipereka m'midzi ndi ofunikabe. Botolo lopanda nambala ya batch, lolembedwa molakwika, kapena ana angapo osiya kukodza atamwa mankhwala amodzimodzi, ndi zifukwa zoimitsira mankhwalawo, kusunga botolo, ndi kudziwitsa wamkulu wa pafamase ndi bungwe la PMRA msanga.