Wofuna kusula mipeni ayambe waganizira chosulirapo

Ukayenda m'misika yathu masiku ano, kaya ndi ku Ndirande kapena ku Mchesi, ukumapeza anyamata ambiri ali ndi nyundo m'manja. Ena akukhoma mbaula, ena zidebe, ndipo ena ochepa ayamba kubwerera ku ntchito ya makolo yosula mipeni, nkhwangwa ndi zikwanje. Ntchito yolembedwa ikusowa, nanga munthu atani? Ine ndimawayamikira anyamatawa. Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti kampamba kawo kochepako amakathera pa nyundo, mbaniro ndi makala, koma chosulirapo amangotola chilichonse chimene chagona pafupi.

Kusulatu si zachilendo kuno. Pamene David Livingstone ankayenda m'dera la Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akusungunula chitsulo m'ng'anjo n'kumasula makasu, mikondo ndi mipeni. Makolowo analibe chosulirapo cha ku Ulaya chija chokhala ndi nyanga. Ankasulira pa mwala waukulu wolimba, wokhazikika pansi. Iwo anadziwa chinthu chimodzi chimene ambiri tikuchiphonya: chofunika n'kulemera komwe kuli pansi pa nyundo.

Nkhani yake ili apa. Ukamenya chitsulo chofiira, mphamvu ya mkono wako iyenera kuthera m'chitsulocho. Chosulirapo chikakhala chopepuka kapena chogwedera, mphamvu ina imathera m'kugwederako, iwe n'kumamenya kakhumi pomwe mnzako akumenya kanayi. Chitsulo sichidikira munthu. Chimasulika bwino chikatentha madigiri pafupifupi 900 mpaka 1,200, ndipo ukachedwa pang'ono chazizira, ubwezenso pamoto. Ndi makala amene akupita amenewo, chonsecho thumba la makala likudula tsiku ndi tsiku. Madzulo phewa lili waliwali, mipeni yatuluka iwiri yokha.

Amisiri ambiri amati chosulirapo chizilemera maulendo 30 kapena 40 kuposa nyundo. Ndiye kuti wa nyundo ya kilogalamu imodzi, yomwe ndi yokwanira pa mipeni, afunefune cha makilogalamu 30 kupita m'tsogolo. Sikuti chochepera apa n'chosathandiza ayi, koma chimafuna kuchimangirira zolimba pa chitsa cholemera.

Tsono chenjerani ndi zija zopaka penti yowala zimene zimapezeka m'sitolo zina za zipangizo. Maonekedwe ake ndi a chosulirapo ndithu, nyanga ilipo, mabowo alipo, mtengo wake ndi wokopa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zambiri mwa izo ndi za cast iron, chitsulo chija amapangira simbi yamakala. Chitsulo chimenechi sichibweza nyundo, chimachita maenje pamwamba ndipo m'mphepete chimabenthuka. Mnyamata wina amene ndinkamuona akusula pafupi ndi kwathu anagula choterechi ndi ndalama yomwe anabwereka ku banki m'khonde ya mayi ake. Isanathe miyezi itatu, ngodya zonse zinali zitagumuka, ngongole ikanali pompo.

Kuyesa n'kosavuta, ndipo wogulitsa wokana kuti muyese musiyeni ndi katundu wake. Pitani ndi kampira kachitsulo kochokera mu beringi yagalimoto pamodzi ndi rula. Kagwetseni pamwamba pa chosulirapocho kuchokera pa masentimita 30. Kakanjanja kufika pa 20 kapena kupitirira, chitsulo chake n'cholimba. Kakangoti phi! n'kudumpha pang'ono, chokanipo. Yesani malo angapo, osati pakati pokha. Kenaka gogodani pang'ono ndi nyundo. Cha steel chabwinobwino chimalira ngati belu, pomwe chong'aluka m'kati chimamveka mophwephwera ngati mbale yosweka. Chimene chinapsapo m'nyumba kapena m'galaja chimatha kuoneka chabwino koma moto unachifewetsa kalekale, ndipo kampira kaja ndi kamene kangakuululireni.

Mwayi ukakugwerani mukhoza kupeza chakale cha ku England, monga Peter Wright kapena Mousehole. Pambali pake pamakhala manambala atatu, ndipo ambiri amawawerenga molakwa. Yoyamba muichulukitse ndi mapaundi 112, yachiwiri ndi 28, yachitatu ndi mapaundi chabe. Cholembedwa 1 0 14 chimalemera mapaundi 126, omwe ndi makilogalamu 57. Chotere chingatumikire inu ndi adzukulu anu omwe. Chikakhala chobenthuka pang'ono m'mphepete musachinyoze, ndipo musalole wina kuchipala kwambiri ndi gulayinda, poti pa zakalezi chitsulo cholimba ndi chapamwamba pokhapo.

Koma kunena zoona, ndi angati mwa ife angachipeze? Woyamba kusula mipeni sasowa nyanga ija. Nyanga ndi yopindira zinthu monga mphete ndi ngowe. Mpeni umafuna malo osalala okulirapo pang'ono kuposa nkhope ya nyundo, basi. Mutu wa hamala yaikulu yophwanyira miyala, wa makilogalamu 6 kapena 7, mukauimika m'bowo losemedwa pa chitsa umagwira ntchito modabwitsa, chifukwa ndi steel wolimbitsidwa kale. Chidutswa cha ekiselo yalole kapena dzino la foloko yonyamulira katundu m'mafakitale nazonso n'zabwino. Ngakhale chibuma cha chitsulo wamba chimatheka. Chidzachita timaenje m'kupita kwa nthawi, koma chitsulo chamoto n'chofewa kuposa icho.

Nanga njanji? Iyi ndiye imene aliyense amathamangira. Njanji imalemera makilogalamu 30 kapena kupitirira pa mita imodzi ndipo chitsulo chake n'chabwino. Vuto ndi kaikidwe. Ambiri amaigoneka monga imakhalira pa msewu wa sitima. Ikatero, pansi pa nyundo pamakhala kakhosi kopyapyala kaja, ndiye imanjenjemera n'kumalira mogonthetsa m'kutu. Iimikeni chilili, chidutswa cha theka la mita kapena kuposa, muzisulira kumapeto kwake. Malo ndi ochepa, inde, koma kulemera konse kuli pansi pa nyundo.

Pamenepa ndisabise mawu, abale anga. Njanji ili ndi mwini wake. Kuzula kapena kudula njanji, ngakhale pamene mukuona ngati sitima inasiya kudutsa, ndi mlandu, ndipo pomwe sitima ikudutsa n'kuika miyoyo ya anthu pachiswe. Wogula naye sapulumuka. Wokugulitsani chidutswa mum'funse kumene anachitenga, ndipo akayamba kukanda m'mutu, bwererani ku hamala ija.

Chikapezeka, kutalika kwake kukhale kwakuti mukaimirira, mkono mutautsitsa, chibakera chizikhudza pamwamba pake. Ena osula mipeni amachikweza pang'ono kufika pamfundo ya dzanja kuti aziona bwino ntchito. Chikatsika kwambiri ndi msana umene udzalipire, chikakwera ndi chigongono. Chitsa chikhale cha mtengo wolimba, chokwiriridwa pansi ndithu, ndipo chosulirapocho chikhomeredwe ndi zitsulo zopinda kuti chisayende. Kukulunga unyolo m'chiuno mwake kumachepetsa phokoso, anansi n'kusiya kukuyang'anani ndi diso lofiira. Musamenye nyundo pa chosulirapo chopanda kanthu, ndipo sipuling'i yagalimoto imene mukupangira mpeniyo musaimenye itazizira. Zitsulo ziwiri zolimba zikawombana, kachibenthu kamathothoka ndi liwiro, ndipo magalasi otetezera maso ndi otchipa kuposa thumba limodzi la makala.